Musanagule mpeni, adzukulu anga

Bweretsa kuno mpeniwo ndiuone. Khalani pansi nonse atatu, dzuwa lapepa, ndipo nsima ichedwa chifukwa magetsi sanabwere.

Iwe wamkulu, wati waugula m'tauni ndi malipiro ako oyamba a ku loji kumene ukuphika. Mtima wanga wasangalala kuti ndalama yoyamba wagulira chida cha ntchito. Koma nditakufunsa kuti chitsulo chake n'chotani, wandiyankha kuti, "Ngwa sitenilesi agogo, suchita dzimbiri." Yankho limenelo ndi la munthu amene wagula ng'ombe yolimira, ndipo pofunsidwa za mphamvu zake akungonena za kukongola kwa nyanga. Dzimbiri ndi nkhani imodzi yokha pa nkhani za mpeni. Enanu musayang'ane kumbali: iwe umatumbula nsomba ku msika wa Maramba, iwenso wayamba kusema ziboliboli ndi anzako a ku Mukuni. Nonse atatu mumadya ndi mpeni, koma mipeni yanu siyenera kufanana.

Ndisanabwere kuno ku Livingstone ndinakulira kufupi ndi Katete, pa chipala cha atate aang'ono amene anali osula. Ntchito yanga inali kupopa mvukuto kuyambira m'mawa mpaka mikono kuchita dzanzi. Anali kusula makasu, nkhwangwa, sompho ndi mipeni. Nditafika kuno m'masiku a Kaunda ndinayamba ku butchala, kenako ndinalowa m'makhitchini a mahotela mpaka imvi izi. Choncho chitsulo ndinachiona chili chofiira pamoto, ndinachionanso chili m'manja mwanga pa fupa la ng'ombe. Pa zaka zonsezo ndinaphunzira kuti chitsulo chilichonse chili ndi ngongole yake. Chikakupatsa ichi, chimakulanda icho. Timafuna mpeni wosabuntha msanga, wosathyoka, wosachita dzimbiri, wonoleka mosavuta. Zinayi zimenezi sizidyera mbale imodzi. Wogulitsa akakulonjeza zonse pamodzi, kumbukira pusi uja anati ichi chakoma ichi chakoma, nagwa chagada.

Tiyambe ndi kaboni, chifukwa ndiye mwini nkhani. Kaboni ndi chinthu chomwecho chimene chili m'makala. M'chitsulo amalowamo pang'ono kwambiri, ngati mchere m'ndiwo, koma ndi amene amalamula ngati chitsulocho chingalimbe kapena ayi. Tapitani mukaone mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya. Zitsulo zake anazikonza ku England a kampani ya Cleveland Bridge, ndipo unatsegulidwa mu 1905. Kwa zaka zonsezi masitima ndi malole akhala akudutsapo, mamita 128 pamwamba pa madzi. Ndani anganene kuti chitsulo chimenecho n'chofooka? Komatu mutadulako kachidutswa n'kusula mpeni, mpeniwo sungamalize kusenda mbuzi imodzi usanabunthe. Chitsulo cha milatho ndi cha nyumba chili ndi kaboni wochepa, pafupifupi 0.2 pa magawo 100 aliwonse. Anachipanga dala choncho kuti chikalemedwa chizipindika m'malo mothyoka mwadzidzidzi. Zitsulo za m'konkire zimene anyamata amatola pa malo omanga nyumba zili m'banja lomweli. Zimasulika mofewa, mpeni wake umaoneka bwino, koma kukamwa kwake kumapindika ngati chitini.

Kumbali inayo kuli tupa. Tupa ili ndi kaboni wokwana gawo limodzi pa 100, nthawi zina kupitirirapo. N'chifukwa chake imadya zitsulo zinzake. Koma igwetse pa simenti, imaduka pakati ngati mbale yadothi. Pakati pa mlatho ndi tupa ndi pamene pamakhala mipeni yonse ya padziko. Sipuling'i ya galimoto, ija yophwatalala ya pansi pa malole, ili ndi kaboni pafupifupi 0.6 ndi kromiyamu pang'ono. Yambiri ndi ya mtundu umene amautcha 5160. Osula onse, kuyambira ku Chipata mpaka kuno, amaikonda chifukwa imapirira kumenyedwa. Zikwanje, sompho ndi nkhwangwa zabwino zimachokera mmenemo. Njanji ya sitima ili ndi kaboni wokwererapo pang'ono. Mphete za mabering'i zili ndi kaboni wa gawo limodzi ndi kromiyamu wa gawo limodzi ndi theka, ndipo zimatulutsa mpeni wokhalitsa kuthwa, ngakhale kuti kuzisula kumatopetsa mkono.

Atate aang'ono sanali kudziwa manambala amenewa, koma sanali kusokoneza zitsulo. Anali kugogoda chitsulo n'kumvera kulira kwake, kenako n'kuchikhudza ndi tupa. Masiku ano muli ndi girayinda, ndipo imanena zoona msanga. Khudzitsa chitsulo pa mwala wake uone moto wothetheka. Ukamatuluka mizere italiitali yosaphulika, kaboni ngwochepa, chisiye. Ukamatuluka wambiri, wophulikaphulika kunsonga ngati ngayaye za chimanga, kaboni alimo.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasochera. Chitsulo chabwino pachokha si mpeni wabwino. Mpeni umabadwira pamoto. Wosula akatha kuumba mpeni amauotcha mpaka ufiire bwino, kufikira pamene maginito asiya kuugwira. Zimenezi zimachitika pa madigiri pafupifupi 770, ndipo iye amapitirizako pang'ono. Akatero amauviika msangamsanga mu oyilo. Pamenepo chitsulo chimauma gwa, tupa imangoterereka osachiluma. Sipuling'i ukaiviika m'madzi ozizira kawirikawiri imang'aluka, umamva kuti the! mtima n'kukhala pansi. Ngati muli ndi mafuta ophikira otsala, ndi abwino kuposa oyilo wakuda wa injini amene utsi wake umawononga chifuwa. Koma mpeni wongotuluka mu oyilo ndi wouma mopitirira, uli ngati galasi. Uyenera kubwezeredwa ku moto wofatsa kuti ukhululuke. Wosula amapukuta chitsulo kuti chiyere, n'kuchifunditsa pang'onopang'ono akuyang'ana mtundu. Chimayamba kuoneka ngati udzu wouma wa mu Julaye, pa madigiri opitirira pang'ono 200. Chikapitirira chimadera, chimafika pa pepo, kenako buluu cha pa madigiri 300. Mpeni wosendera ndi wosemera umaimira pa udzu wouma. Chikwanje chimafuna kupitirizako, chifukwa chimakumana ndi mfundo za mitengo. Buluu ndi wa sipuling'i: supirira kuthwa nthawi yaitali, koma suthyoka. Onani tsono kuti chitsulo chimodzimodzi chingatuluke cholimba n'kukhala chosachedwa kubenthuka, kapena chopirira n'kukhala chosachedwa kubuntha, malingana ndi pamene wosula wachiimitsira. Ngongole ija siithawika, wosula amangosankha kuti ailipire mbali iti.

Chipsera ichi cha pansi pa diso chinandiphunzitsa zimenezi. Ndili ku butchala ndinali ndi mpeni umene ndinaupala ndekha kuchokera ku tupa yakale, osaubwezera pamoto wofatsa. Unali wakuthwa kuposa mipeni yonse ya m'nyumbamo, ndipo ndinali kutha masiku osaunola. Tsiku lina ntchito itachuluka ndinaulowetsa pa mfundo ya mwendo wa ng'ombe n'kuupotoza. Unaduka, nsonga inauluka n'kundicheka apa. Kukanakhala kukwera chala chimodzi, bwenzi mukundidziwa ndi diso limodzi. Tinataya nyama yonse ya pa thabwalo pofunafuna tizidutswa, chifukwa kachitsulo kotere kakalowa m'mimba mwa munthu ndi maliro. Kuyambira pamenepo sindinafunsenso kuti mpeni ngwakuthwa bwanji ndisanafunse kuti ukakumana ndi fupa uchita chiyani.

Mipeni ya kaboni wopanda zosakaniza zambiri ndimaikonda, sindibisa. Imanoleka pa mwala uliwonse wosalala, imathwa mpaka kumeta ubweya wa pamkono. Okapi imene agogo anu ambiri anabwera nayo kuchokera ku Joni ndi ya mtundu umenewu. Inayamba kupangidwa ku Solingen, ku Germany, mu 1902, ndipo kuyambira 1988 imapangidwa ku South Africa. Chitsulo chake chodziwika ndi 1055, kutanthauza kaboni wa 0.55. Si cholimba kwambiri, imabuntha, koma ukaikhudzitsa pa mwala kasanu yabwerera. Ngongole ya mipeni yotereyi ndi dzimbiri. Dula tomato kapena ndimu, uusiye osapukuta, pobwera kuchokera kotunga madzi upeza wasintha nkhope. Kuno kwathu m'chilimwe, mu Okutobala, mpweya umauma ndipo mpeni umapuma. Koma mvula ikayamba mu Novembala mpaka Malichi, kapena ukagwira ntchito kufupi ndi mtsinje kumene nkhungu ya mathithi imanyowetsa chilichonse cha mu Epulo, dzimbiri limagwira usiku umodzi. Mankhwala ake ndi osavuta: tsuka, pukuta, paka kadontho ka mafuta ophikira. Ukaona mpeni wada mofatsa, wotuwa ngati mtambo wa mvula, usaukweche. Kudako ndi khungu limene chitsulo chadzipangira, ndipo limachedwetsa dzimbiri lofiira. Lofiira lokhalo ndi mdani, chifukwa limakumba maenje. Mlatho uja nawonso ukukhala ndi moyo chifukwa anthu amaupala ndi kuupaka penti. Chitsulo cha kaboni chimakhala ndi amene amachisamala.

Sitenilesi inabwera kudzamasula anthu ku ntchito imeneyi. Mu 1913, ku Sheffield, munthu wina dzina lake Harry Brearley anali kufufuza chitsulo choti mipope ya mfuti isamadyeke msanga, ndipo anapeza kuti chitsulo chokhala ndi kromiyamu pafupifupi magawo 13 pa 100 sichigwidwa ndi asidi kapena dzimbiri monga zinzake. Lero chitsulo chimatchedwa sitenilesi chikakhala ndi kromiyamu wosachepera magawo 10.5. Kromiyamuyo akakumana ndi mpweya amapanga kakhungu kosaoneka ndi maso, ndipo ukakakanda kamadzipoletsa kokha. Mwala wake wambiri umakumbidwa kwa anansi athu, ku South Africa ndi ku Zimbabwe tsidya lija, n'kupita kunja, n'kubwerera kwa ife uli mpeni wa m'sitolo. Zimandiwawa mtima ndikaganiza ulendo umenewo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chimene muyenera kudziwa n'chakuti sitenilesi ndi dzina la mtundu wonse, monga kunena kuti nsomba. Kapenta ndi nsomba, mcheni ndi nsomba. Pali sitenilesi ya masupuni, mapoto ndi masinki, yokhala ndi kromiyamu 18 ndi nikelo 8. Imeneyo sichita dzimbiri mwachisawawa, koma silimba pamoto ngakhale uiviike kangati. Anthu amati sitenilesi yeniyeni sigwira maginito. Pa poto n'zoona. Pa mpeni n'zosiyana: sitenilesi yotha kulimba imagwira maginito. Choncho popita kukagula, tenga kamaginito ka mu sipika yakufa. Mpeni umene maginito akuukana, ubweze, ngwodulira buledi ndi kupakira majarini basi. Kugwira maginito pakokha sikutsimikiza kuti mpeni ngwabwino, koma kukana kumatsimikiza kuti si wa ntchito.

Mipeni yambiri yotchipa ya m'misika ndi ya sitenilesi ya banja la 420, kromiyamu wambiri koma kaboni wochepa. Imawala, siida, koma kukamwa kwake n'kofewa. Ukainola imatulutsa kandevu kachitsulo kamene kamangogwera uku ndi uku osachoka, ndipo umatopa usanaone kuthwa. Chikomekome cha nkhuyu. Mipeni ya m'makhitchini a ku Ulaya, ija ya ku Germany ndi Switzerland, yambiri imalembedwa X50CrMoV15. Musaope zilembozo. 50 akutanthauza kaboni wa 0.5, 15 akutanthauza kromiyamu wa magawo 15, ndipo Mo ndi V ndi tizitsulo tina towonjezera pang'ono. Ndi chitsulo chapakati, chopanda mbali imene chimapambana kwambiri ndiponso chopanda mbali imene chimagwa. Ukakwera umapeza 440C, kaboni wa gawo limodzi ndi kromiyamu 17, ndi D2, kaboni wa gawo limodzi ndi theka ndi kromiyamu 12. M'zitsulo zimenezi kaboni ndi kromiyamu zimagwirana n'kupanga timiyala tolimba kwambiri m'kati mwa chitsulo, ngati miyala ya m'konkire. Timiyalato timakana kudyeka, choncho mpeni umakhalitsa. Koma timakananso mwala wako wonolera, ndipo pamene pali mwala waukulu m'konkire ndi pamene pamayambira mng'alu. D2 ilinso ndi chinyengo china: kromiyamu wake wambiri wamangidwa m'timiyalato, wotsala woteteza ndi wochepa, ndiye imachitabe madontho a dzimbiri ukaisiya yonyowa.

Ngakhale sitenilesi yabwino ili ndi adani. Mchere ndi mankhwala a klorini monga Jik zimaboola kakhungu kaja. Ku khitchini mumaviika mathabwa ndi nsalu m'madzi a mankhwalawo, n'zoyenera, koma mpeni usagonemo.

Akatswiri ali ndi muyeso wa kulimba umene amautcha Rockwell. Chikwanje chimakhala cha m'ma 50 kapena kutsikirapo. Mipeni ya Victorinox, ija ya zigwiriro zakuda imene mumaiona m'mabutchala ndi m'mahotela, ili pafupifupi 56. Mipeni ya ku Japan ya chitsulo cha VG-10 imafika 60 kapena 61. Kusiyana kwa manambala anayi kapena asanu kumaoneka kochepa, koma m'manja n'kwakukulu. Wa 56 ukagunda fupa kukamwa kwake kumangopindika pang'ono, ndipo chitsulo chozungulira chija cha ku butchala chimakuwongola ndi mikwapulo isanu. Dziwani kuti chitsulo chimenecho sichinola kwenikweni, chimangodzutsa kukamwa kumene kwagona. Wa 61 sugona, umadula anyezi tsiku lonse mopepuka, koma ukagunda fupa kapena nkhuku youma ndi ayezi umabenthuka, ndipo kuchotsa chibenthu kumafuna ola lathunthu pa mwala wogula.

Ndiye iwe wamkulu, ganiza za khitchini imene ulimo. Alendo akachuluka mu Julaye ndi Ogasiti, muli anthu angati ogwira mpeni umodzi? Wotsuka mbale adzauponya m'sinki pamodzi ndi mafoloko. Mnzako adzatsegulira chitini. Wina adzadulira pa mbale yadothi. Khitchini yotere imafuna sitenilesi yapakati, yokhululuka, yosalira mwala wapadera. Ndinaona mnyamata wina atasunga ndalama miyezi inayi n'kugula mpeni wa ku Japan atauona m'manja mwa mkulu wa ophika wochokera kunja. Sabata isanathe unali ndi mano ngati sowo. Mpeniwo sunalakwe. Mkulu uja anali kuusunga m'nsalu yake, sanali kubwereketsa, ndipo anali ndi mpeni wina wa mafupa. Tsiku limene udzakhale ndi tebulo lakolako ndi miyala yako itatu, dzagule wotero, udzasangalala nawo pa nsomba ndi ndiwo zamasamba. Lero ayi.

Iwe mdzukulu wanga wamkazi, ntchito yako ndi madzi kuyambira m'bandakucha. Manja onyowa, mamba, mchere, ayezi. Ulibe nthawi yopukuta mpeni pakati pa kasitomala ndi kasitomala. Okapi ingakuderere nsomba ndi kununkhitsa chitsulo, makasitomala n'kuyamba kukayika. Iwe tenga sitenilesi, ngakhale ya 420 yomweyo ngati thumba silikulola kupitirira, koma sankha wopyapyala, wotha kupindika pang'ono potsata minga ya bulimu. Uvomereze kuti uziunola m'mawa uliwonse usanayale nsomba. Mphindi zitatu zimakwana. Ndipo ukhale ndi wachiwiri wonenepa wodulira mitu, kuti wopyapyalayo asaone fupa. Mipeni iwiri yotchipa yogawana ntchito imaposa umodzi wodula wochita zonse.

Koma iwe wosema, sitenilesi uitalikire. Mtengo ulibe asidi woti uziopa, ndipo chimene ukufuna ndi kukamwa kosalala kotheratu, kosiya mtengo ukuwala popanda sandipepa. Kumeneko kaboni ndiye mfumu. Mukwa ngwofatsa, umamvera mpeni. Mukusi ndi wina, ngwolimba, umadya chitsulo. Si pachabe a Zambezi Sawmills anautsata ndi njanji mpaka ku Mulobezi kuti apale mathabwa ogonekapo njanji, ndipo mainjini awo mpaka lero ali ku Railway Museum kumunsi kuja. Sompho yako ikhale ya sipuling'i, yobwezeredwa pamoto mpaka kudera, chifukwa imagwa ndi mphamvu. Timipeni tomalizira nkhope ya njovu kapena makwinya a mvuu tikhale ta tupa yakale kapena msumeno wothyoka, toimitsidwa pa udzu wouma, tatifupi, ndipo usatipotoze m'mtengo. Pali misumeno ina yodulira zitsulo imene ndi yolimba thupi lonse. Kachidutswa kake kamathwa nthawi yaitali zedi ndipo sikafooka ndi kutentha kwa girayinda, koma kamathyoka ngati tupa. Ina ndi yolimba m'mano mokha, msana wake ngwofewa, ndipo ukapala manowo watsala ndi chabe. Pinda kachidutswa ndi pulayala uone: koduka ndi kabwino, kopindika kataye. Akuluakulu osema a kwa Mukuni amazidziwa zonsezi. Khala pafupi nawo, uwagwirire ntchito zazing'ono, ufunse. Safunsa anadya phula.

Pali mdani mmodzi wa nonse atatu amene simumuganizira, ndipo tamukhalira pompano. Tauni ino inasamukira pa chitunda cha mchenga ichi anthu atathawa malungo a ku Old Drift m'mbali mwa mtsinje. Kuno ku Highlands mchenga uli paliponse, m'mizu ya repu, m'chikopa cha mbuzi, m'makungwa a mtengo umene unagona pansi. Mchenga ndi wolimba kuposa chitsulo cha mpeni uliwonse umene ndatchula. Mpeni wa mtengo wapatali ukadula ndiwo zosatsuka umabuntha chimodzimodzi ndi wa pa msika. Tsukani kaye, sendani makungwa ndi chikwanje, ndipo dulirani pa thabwa la mtengo kapena la pulasitiki, osati pa mwala, pa galasi kapena pa simenti.

Mdani wachiwiri ndi changu. Mumapereka mpeni kwa mnyamata wa girayinda kuti aunole msanga. Akaukanikiza, kukamwa kumatentha, mumaona kabuluu kakuthamanga m'mphepete. Kabuluu kameneko ndi uthenga wakuti ntchito yonse ya wosula yafafanizika pamalopo, chitsulo chafewa. Mpeni umathwa tsiku limenelo, mawa wagona. Ngati girayinda ndi yosapeweka, aziukhudza mopepuka n'kumauviika m'madzi kawirikawiri. Koma mwala ndi madzi ndiye njira. Goneka mpeni pa mwala, kweza msana wake mpata wokwana chala chaching'ono, ndiwo madigiri 15 mpaka 20 pa mpeni wa kukhitchini. Nola mbali imodzi mpaka chala chimve kandevu mbali inayo kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga, tembenuza, chita chimodzimodzi, kenako pepuza dzanja mpaka kandevuko kachoke, umalize pa lamba wachikopa. Chikwanje ndi sompho zikwezereko msana, kukamwa kukhale konenepa. Ndipo kumbukirani kuti kupyapyala kwa mpeni kuseri kwa kukamwa kumadula kuposa dzina la chitsulo. Mpeni wonenepa ngati mphero umang'amba kabichi m'malo modula, ngakhale chitsulo chake chikhale chotchuka motani.

Nthawi zina ndimamva achinyamata akulankhula ngati nzeru ya chitsulo inabwera ndi sitima. Ku Dambwa komweku, kumene anzanu amachita lendi, ofukula zakale anapeza mudzi wa anthu amene anali kugwiritsa ntchito chitsulo zaka zoposa 1,000 zapitazo. Kwathu kum'mawa makolo athu a Chimaravi anali kusungunula miyala m'ng'anjo zadothi, ndipo makasu awo anali kuyenda mitunda italiitali pa malonda. Lowani mu Livingstone Museum tsiku lina muone mikondo, nkhwangwa ndi makasu akale. Anthu amenewo analibe manambala, koma anali kudziwa kuti chitsulo chimene chagona nthawi yaitali m'makala chimatuluka cholimba kuposa chinzake. Ndi kaboni yemweyo. Mukapita kwa wosula wa ku Maramba kapena ku Libuyu, musamunyoze chifukwa mpeni wake ngwakuda ndipo chigwiriro chake wamanga ndi mphira. Mufunseni kuti wasula kuchokera ku chiyani, waviika mu chiyani, waimitsira pa mtundu wanji. Wodziwa ntchito amayankha mosangalala ndipo amakupatsa tupa kuti uyese wekha. Wokwiya ndi mafunso amenewo musamugule.

Muonanso mipeni ya mizeremizere ngati madzi oyenda, imene amaitcha Damascus. Yeniyeni ya masiku ano imapangidwa pophatikiza zitsulo ziwiri ndi kuzipinda kambirimbiri pamoto. Ndi yokongola, koma mizereyo siwonjezera kuthwa, ndipo pa ina yotchipa mizereyo ndi yongojambula pamwamba. Imeneyo asiyireni alendo.

Mawu amodzi olemera ndisanamalize, makamaka kwa anyamata inu awiri. Okapi yomwe ija imene inali kusenda nzimbe ndi kukonza misampha inatenga mbiri yoipa m'makomboni a ku Joni chifukwa cha anthu amene anapita nayo kumowa. Ndaikapo m'manda mwana wa mnzanga pa mkangano umene, pakanapanda mpeni m'thumba, ukanatha ndi chibakera ndi kupepesana m'mawa. Mpeni uzikhala kumene kuli ntchito yake. Poweruka ukulunge m'nsalu, uike pansi pa chikwama, upite nawo kunyumba molunjika. Kubala, kumpira, kumaliro, kuchinkhoswe, usapite nawo.

Tsono tiuone wakowu. Maginito augwira, chimenecho n'chabwino. Palibe nambala iliyonse yolembedwa, angolemba kuti sitenilesi ndi chithunzi cha chipewa cha wophika, ndiye ndikuganiza kuti ndi wa banja la 420. Tamvera tupa mmene ikulumira apa pafupi ndi chigwiriro. Ikanakhala ikuterereka bwenzi uli wolimba, koma ikudya mosavuta. Ndi wofewa, ndiponso ngwonenepa kuseri kwa kukamwa. Usagwe nkhope, sunataye ndalama. Mpeni wofewa ndi umene munthu amaphunzirira kunola, chifukwa umakuuza msanga pamene dzanja lalakwa, ndipo ukauwononga sulira. Tiupyapyaza mbali zonse ziwiri, ugwire nawo ntchito mpaka mvula ithe, uku ukusunga pang'onopang'ono ya wina wa X50 uja. Ukadzagula winayo, uyu adzakhala wa mafupa ndi wobwereketsa.

Iwe wamng'ono, lowa m'nyumba, pansi pa bedi langa pali mwala wokulungidwa m'thumba la ufa. Ubwere nawo pamodzi ndi beseni la madzi, ndipo upemphe agogo ako aakazi tomato mmodzi wakupsa kwambiri woyesera. Fulumira kusanade, ndikufuna aliyense wa inu agwire mwalawu ndikuona.